Mzere Umene Unafufutidwa

Thupi linali kuseri kwa nyumba, pakati pa milu iwiri ya mapepala okutidwa ndi pulasitiki. Analipeza ndi dalaivala wa lole yobweretsa inki, nthawi ili 1:10 masana, Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Novembala. Pomwe Insipekitala Pyo Sang-cheol amafika, apolisi a mumzinda wa Paju anali atazinga kale malowo ndi chingwe, ndipo anthu a m'makampani oyandikana anali ataima m'mawindo, makapu a khofi ali m'manja.

Womwalirayo anali Ok Mi-ran, wazaka 38, mkonzi wa mabuku. Anagwa kuchokera padenga la nyumba ya nsanjika zinayi. Kuphazi lamanja anali ndi silipasi ya muofesi. Inzake Pyo anakaipeza padengapo, mamita awiri kuchokera pa kakhoma ka m'mphepete, itagadabuzika. Pa zaka 27 zomwe anagwira ntchitoyi, iye anaonapo anthu ambiri odziponya. Ena amavula nsapato zonse ziwiri n'kuzindandalika bwinobwino, ena amapita nazo. Wosiya imodzi panjira anali asanamuonepo.

Kampani yomwe mayiyu amagwirako inali pansanjika yachitatu: chipinda chimodzi, matebulo atatu, ndi mashelefu odzaza makaseti akale. Pakhomo panali mbale yokutidwa ya jajangmyeon, chakudya chonga sipageti cha msuzi wakuda, itazizira. Lisiti lake limaonetsa kuti Mi-ran anaiitanitsa yekha 12:05, n'kupempha kuti amuwonjezere dzira. Kompyuta yake inali yoyaka. Mu pulogalamu yolembera munali fayilo yotsegula, ya mizere inayi:

Ndatopa ndi kunamiziridwa.
Manyazi a lero sindingawasenze.
Musaimbe mlandu munthu aliyense.
Pepani.

Pyo analamula kuti pasapezeke wokhudza kompyutayo kapena kuizimitsa mpaka abwere mayi Gye Eun-ju, katswiri wa zamakompyuta kupolisi, yemwe anayamba naye ntchito pamodzi.

Mwini kampaniyo, a Bong Tae-sik, anali bambo wazaka 63. Anati kuyambira 11:30 anali kwa osindikiza ku Ilsan, ndipo anthu anayi kumeneko anavomereza. Amalira mosabisa, kulira kumene Pyo anakuona ngati kopitirira malire a bwana wolira wantchito. Anafotokoza kuti kampani yawo inali pafupi kutulutsa buku lalikulu, mtanthauziramawu wa chiyankhulo cha asodzi a ku zilumba za kum'mwera, ndipo popanda Mi-ran bukulo likanatenga zaka zina khumi. Atafunsidwa za manyazi omwe kalatayo imanena, anayang'ana pansi n'kunena kuti funso limenelo likanayankhidwa bwino ndi a Seol.

A Seol Gi-hwan, mkonzi wamkulu, anali woonda, wazaka 58, pensulo ili kukhutu. Amayankhula mwaulemu ndi mosathamanga. Anati cha m'ma 11 koloko kunabwera mayi Yeo Jeong-suk, akazi awo a a Bong. Mayiwo anamutchula Mi-ran kuti wolanda amuna a eni, n'kumukhuthulira tiyi wa balere pamalaya, kenako n'kutuluka. A Seol anati iwo anachoka 12 koloko kupita kukadya msuzi pamalo awo a masiku onse, ndipo pobwera anangoona chingwe cha apolisi.

"Anali munthu wotani pantchito?" anafunsa Pyo.

"Mwana uja anali wochenjera. Pa makina, ndikutanthauza. Makina amamumvera."

Pyo analemba mawuwo m'kabuku kake. Chiyamikirocho chinatuluka ngati cha munthu amene akutama ndiwo zowawa mchere.

Lachitatu m'mawa kunabwera zinthu zitatu. Dokotala anapeza zipsera za zala pamikono yonse iwiri ya womwalirayo. Wotchi ya pamkono wake, yowerenga kugunda kwa mtima, inasonyeza kuti mtimawo unaima 12:24, pamene kalata ya pakompyuta inasungidwa 12:36. Munthu wakufa satayipa. Chachitatu chinali kamera ya pamalo oimika magalimoto: galimoto ya mayi Yeo inachoka 11:25, n'kubweranso 12:15, ndipo inachokanso 12:40. Kamerayo simaona khomo la masitepe akuseri.

Mayi Yeo anafika kupolisi 10 koloko, atavala chikhoti chakuda chodula, tsitsi lili bwinobwino. Za tiyi sanakane. Anavomeranso kuti anatumizira Mi-ran mauthenga khumi ndi limodzi owopseza mwezi umenewo. Za kubwerera kuja anati anafuna kukweranso kuti akamalize zomwe anayamba, koma anangokhala m'galimoto akulira.

"Munawagwirapo amuna anu ndi mayiyu?"

"Ayi."

"Uthenga wachikondi, lisiti la hotela, chilichonse?"

"Ndinasecha foni yawo kasanu. Mulibe kanthu." Anakoka mpweya. "Bwana, kampani ija tinaiyambira pabalaza pathu. Ine ndi amene ndimamata maenvulopu, mwana ali kumsana. Lero munthu akhala pansi kuti adye, supuni isanafike pakamwa wayamba kale: Mi-ran wakonza ichi, Mi-ran wapeza icho. Zaka zinayi. Bola akanagona naye, ndikanadziwa chomwe ndikulimbana nacho."

"Munamuda mpaka pati?"

"Mpaka kumufunira imfa. Koma sindinamukankhe."

Mkulu wa nthambi yofufuza, Tak Min-gyu, anaonera zonsezi kuseri kwa galasi ndipo anakhutira. Chifukwa chilipo, nthawi ikugwirizana, mauthenga alipo. Anafuna kuti mayiwo agone m'chitokosi tsiku lomwelo. Tak anali wamng'ono kwa Pyo ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndi Pyo amene anamuphunzitsa kulemba lipoti loyamba, ndipo tsopano Pyo yemweyo amagogoda asanalowe muofesi yake. Nthawi iliyonse Tak akamuitana kuti "akulu", mawuwo amamulasa ngati munga wa m'nsapato. Pyo anapempha masiku awiri. Tak anapereka, koma mwa njira yoonetsa kuti wachita chifundo.

Lachinayi 9 koloko Pyo anatsikira kuchipinda cha mayi Gye. Iwo anali atakopera zonse za mu kompyuta ya Mi-ran n'kuziika mu ina, kuti yeniyeniyo isakhudzidwe. Anamukankhira kiyibodi.

"Tatayipani dzina lanu, a Pyo. Ndi zala zanu ziwirizo."

Pyo anatayipa akuyang'ana zilembo za pamabatani. Pagalasi panatuluka manambala ndi zidutswa za zilembo zosagwirizana. Anayesanso. Zomwezo.

Mayi Gye anaseka, n'kumufotokozera. Pali njira ziwiri zoyalira zilembo pa kiyibodi. Imodzi ndi yomwe aliyense amaphunzira kusukulu, yomwe inalembedwa pamabatani. Ina ndi ya akonzi akale, yofulumira koma yovuta, ndipo oidziwa ndi ochepa kwambiri. Kompyuta ya Mi-ran inali pa njira yachiwiriyi, ndipo palibe anaisintha Lachiwiri lonse. Wolemba kalata ija anailemba osayang'ana mabatani, popeza mabataniwo akanamunamiza.

Masana Pyo anaitananso mayi Yeo n'kuwapempha kuti alembe dzina lawo ndi adiresi pa kompyuta imeneyo. Anavala magalasi, nayamba kusaka chilembo chimodzichimodzi ndi chala chamkombaphala. Patatha mphindi zitatu anakankha kiyibodiyo n'kunena kuti apolisi akhale ndi manyazi, makina awo ndi owonongeka. Pyo anawaperekeza mpaka pageti.

Anapita kwa a Bong. Anawapeza muofesi ali okha, akuyang'ana chikuto cha buku chomwe chinabwera sabata imeneyo kuchokera kwa wojambula. Pachikutopo panali mayina awiri. La Ok Mi-ran linali pamwamba, m'zilembo zokulirapo. La Seol Gi-hwan linali pansi pake.

A Bong anati iwo njira ya akonzi akale sanaiphunzire. Anaidziwa ndi a Seol, ndipo ndi a Seol amene anaphunzitsa Mi-ran mwezi wake woyamba, atakhala pambali pake ngati bambo ndi mwana. Patatha theka la chaka wophunzira anayamba kuthamanga kuposa mphunzitsi.

Kenako anafotokoza za bukulo. A Seol analiyamba zaka 19 zapitazo. Amakwera sitima zapamadzi ndi kachojambulira mawu, kugona m'nyumba za asodzi, kujambula nkhalamba zomwe lero zonse zili m'manda. Pobwera, mawu aliwonse amawalemba mu fayilo yakeyake. Mafayilo anafika 31,000, m'mafoda omwe dongosolo lake amalidziwa iwo okha, ena a mayina ofanana, ena osatseguka pa makompyuta atsopano. Pamapeto pa fayilo iliyonse amalemba mzere umodzi: Zatha. Seol.

Mi-ran atabwera anapempha milungu itatu. Anapatsa mafayilo onse mayina atsopano, n'kuwasanja, n'kupeza mawu 2,000 olembedwa kawiri ndi zolakwika zomwe a Seol anazidutsa zaka zambiri. Poyeretsa mafayilowo analamula pulogalamu kuti ichotse mzere uliwonse womwe suli gawo la tanthauzo. Mizere 31,000 ya dzina la a Seol inapita nthawi imodzi. Iye sanadziwe kuti wachita chinthu. Anabwera kudzawaonetsa akusangalala.

"A Seol anati chiyani?"

"Anati wagwira ntchito yabwino. Kenako anapita padenga kukasuta, n'kukhalako maola awiri." A Bong anapukuta m'maso. "Ndipo mpaka lero fayilo iliyonse yomwe agwira amailembabe mzere uja. Mi-ran anangosiya kuuchotsa."

"Chikutochi anachiona liti?"

"Lolemba. Ndinawauza ndekha. Ndinati popanda mtsikanayu buku silikanatuluka ife tili moyo. Sanatsutse."

Pamalo ogulitsa msuzi, mayi wophika anamuuza Pyo kuti a Seol amafika 12:10 tsiku lililonse, moti iye amawapungulira asanakhale pansi. Lachiwiri anafika cha m'ma 12:50, msuzi wa nsomba womwe amakonda utatha, ndipo wina womwe anawapatsa anausiya pafupifupi wonse.

Pyo anadziwa kuti zimenezi sizikwanira. Loya aliyense akananena kuti odziwa njira ija m'dziko alipo ena, ndipo munthu sangamangidwe chifukwa chochedwa kukadya. Anabwerera kwa mayi Gye 4 koloko madzulo atagwa mphwayi. Anawapeza akutafuna mbatata yowotcha, ndipo asananene kanthu anamulozera mpando.

Anati Mi-ran anali munthu woopa kutaya zomwe walemba. Anakonza pulogalamu yake kuti izisunga mbiri ya chilembo chilichonse cholembedwa kapena chofufutidwa, mu kafayilo kobisika pambali pa fayilo yeniyeni. Ngakhale utafufuta, n'kusunga, n'kutseka, mbiriyo imakhalapo. Anaikanso zomwezo pa makompyuta onse a muofesi, n'kusiya kalata yofotokoza m'foda ya aliyense. A Bong anaitsegula yawo. Ya a Seol inali isanatsegulidwepo chiikire zaka zitatu zapitazo.

Mayi Gye anatsegula kalata ya mizere inayi ija, n'kudina batani lobweza m'mbuyo kamodzi. Pyo anawerenga zomwe zinatuluka pagalasi. Kenako anapempha kuti amubwereke kompyutayo mawa lake.

Lachisanu, 2 koloko masana, a Seol anakhala m'chipinda chofunsira anthu chachiwiri, manja ali patebulo, pensulo ili kukhutu. Pyo anawauza za ufulu wawo. Anati loya sakumufuna chifukwa alibe chobisa. Anabwereza nkhani yawo liwu ndi liwu monga anainenera Lachiwiri. Za msuzi anati mayi wophikayo wakalamba, masiku amamusokonekera. Za kiyibodi anati n'zoona, koma Mi-ran mwiniwake amaidziwa, ndipo mawotchi a pamkono amalakwitsa.

Pyo sanatsutse. Anafunsa za zilumba, ndipo a Seol anamasuka. Anasimba za gogo wina yemwe amadziwa mayina 14 a mphepo, za momwe anadwalira m'sitima ulendo woyamba, za kaseti yomwe inagwera m'madzi iwo n'kuiumitsa pachitofu. Anayankhula mphindi makumi awiri, nkhope itawala.

"Mi-ran anafikako ku zilumbazo?"

"Ngakhale kamodzi." Kuwala kuja kunazima. "Amati nyanja imamuchititsa nseru. Koma mawu onse amawadziwa. Mukamufunsa lililonse, amadina pawiri, ili pano. Ine kuti ndipeze limodzi ndinkagona pamkeka wonunkha nsomba sabata yathunthu."

"Ndikudziwa momwe zimakhalira," anatero Pyo, ndipo sikunali kunyengerera chabe. "Umamugwira dzanja munthu, kenako tsiku lina umapezeka ukuona msana wake."

A Seol anamuyang'ana mwachidwi, koma sanakodwe. Anati iwo ndi munthu wamkulu, zoterozo anazipitirira.

Pyo anatembenuza kompyuta kuti iyang'ane kwa iwo. Kalata ija inali pagalasi. Anafunsa ngati anawerengapo kalata yomwe Mi-ran anaika m'foda yawo yonena za kusunga mbiri ya mafayilo. A Seol anati analibe nthawi yophunzitsidwa ndi mwana za ntchito yomwe anaiyamba iye ali kusukulu.

"Dinani batani lobweza m'mbuyo, a Seol. Kamodzi kokha."

"Fayilo ikatsekedwa sibwerera m'mbuyo."

"Ndiye palibe choopa."

Anatambasula dzanja n'kudina. Pansi pa liwu lakuti Pepani panatuluka mzere wachisanu: Zatha. Seol.

Pyo anawerenga papepala la mayi Gye. Kalatayo inayambidwa 12:31 ndipo inalembedwa popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Mzere wachisanu unalembedwa 12:34. Kenako panadutsa masekondi 48 popanda chilembo chilichonse. Zitatero mzerewo unafufutidwa, ndipo fayilo inasungidwa 12:36.

A Seol anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika patebulo.

"Zala," anatero motsitsa. "Sindinaziuze. Ndinangoona dzina langa lili apo."

Zotsalazo anazinena mwadongosolo, ngati akupereka lipoti. Mayi Yeo atachoka, Mi-ran anachapa malaya ake pasinki, n'kuseka, n'kunena kuti mayiwo akuwamvera chisoni. Anaitanitsa chakudya. Cha m'ma 12:10 anapempha a Seol kuti akwere naye padenga, ali ndi nkhani yabwino. Iwo anapita alibe maganizo ena alionse. Kalata anaiganiza pambuyo pake, akutsika masitepe, atakumbukira kuti mkangano wa m'mawa ungafotokoze zonse.

"Choncho munamupha chifukwa cha chikuto. Dzina lake pamwamba pa lanu."

"Ayi, bwana. Zimenezo ndinali nditazimeza kale Lolemba. Ndinagona, ndinadzuka, ndinabwera kuntchito." Anayang'ana pensulo ija. "Padenga paja anandiuza kuti akawapempha a Bong achotse dzina lake. Likhale langa lokha. Anati bukuli ndi langa, iye wangosesa m'nyumba."

"Kenako?" anafunsa Pyo.

"Ndinamuuza kuti sindifuna zopatsidwa. Iye anaseka, kuseka kwabwinobwino, kopanda mwano, n'kundigwira paphewa. Anati, 'Aphunzitsi, litengeni. Kwa inu ndi limodzi lokhali. Ine ndidzapanga ena.'"

Anamwa madzi a m'kapu yapepala.

"Zaka 19. Mkazi wanga anachoka chaka chachisanu ndi chitatu, ndili pachilumba. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ine ndikukonza mawu oyamba ndi chilembo chachinayi. Ndiye munthu akundipatsa zonsezo ngati akupereka mpando m'basi kwa nkhalamba. Ndipo amanena zoona, ndicho chinandipweteka. Akanapanga ena, abwino kuposa awa. Akanalikakamira dzina lija, akanandimenyera nkhondo, ndikanadziwa kuti bukuli ndi kanthu kwa iyenso. Ndinamugwira mikono kuti asiye kumwetulira. Anabwerera m'mbuyo. Ine sindinasiye kukankha."

"Ananenapo kanthu?"

"Anati, 'Aphunzitsi.' Mofunsa."

Pyo anayang'ana wotchi yapakhoma n'kunena mokweza, kuti chojambulira chimve, kuti nthawi ili 3:42 ndipo Seol Gi-hwan wamangidwa pa mlandu wopha Ok Mi-ran. Wapolisi wa pakhomo analowa ndi unyolo. A Seol anaimirira okha, n'kupereka manja. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Bwana Pyo, mayi wa makompyuta uja waona mafayilo onse, anga akale ndi ake atsopano. Matanthauzo ena analemba ndi iye, mawu ngati 600. Wanenapo kuti abwino ndi ati, ake kapena anga?"

Pyo anayang'ana nkhope ya bamboyo. Sinali kufunsa za zaka zomwe adzakhale m'ndende, kapena za mayi ake a Mi-ran omwe m'mawa umenewo anabwera kudzatenga thupi. Inali kudikira yankho ili lokha, maso ali tcheru.

"Sindinawafunse."

"Mukawafunse," anatero a Seol, wapolisi akuwakoka pamkono. "Koma awerenge mofatsa. Asangoyang'ana kukongola kwa mafoda."